Kodi Chowonongeka Chingadzikonze Chokha?

Kompyuta yodwala ukaifunsa za thanzi lake, yankho limatuluka m'kamwa momwe muli matendawo. Anthu ambiri amaganiza kuti pulogalamu yosaka mavairasi imalowa yokha m'hadi disiki n'kumayang'ana fayilo iliyonse ndi maso ake. Nthawi zambiri sizitero. Iyo imapempha Windows kuti aipatse mndandanda wa zomwe zili m'foda yakutiyakuti, ndipo Windows ndiye amabweretsa mndandandawo. Tsono pali mtundu wina wa vairasi, umene amisiri amautcha rootkit, womwe umakhala pakati pa wofunsayo ndi woyankhayo. Mndandanda ukamadutsa, iwo umafufutapo dzina lake. Pulogalamu yosaka ija imagwira ntchito yake mokhulupirika mpaka kumapeto, n'kulemba pa sikirini kuti zonse zili bwino. Sinaname, yangonena zomwe yaonetsedwa.

Izi si nthano. Mu 2005 katswiri wina wa Windows, Mark Russinovich, anatulukira kuti ma CD ena a nyimbo a kampani ya Sony BMG ankaika mwakachetechete pulogalamu yotere m'makompyuta a anthu, yobisa fayilo iliyonse imene dzina lake likuyamba ndi zilembo zinazake. Eni makompyutawo sankaona kanthu, pakuti chida chawo choonera n'chimene chinali chitagwidwa.

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ku Limbe kuno, ndipo kumpingo kwathu ndimathandiza kuphunzitsa kalasi ya okonzekera ubatizo. Funso lomwe ndimakumana nalo pa tebulo langa la ntchito ndi lomwenso achinyamata a m'kalasi amandifunsa m'mawu awoawo: ngati munthu akudziwa kuti wapotoka, bwanji osangodziwongola yekha? Mulungu akufunikiranji pamenepa? Ine ndikamaganizira funso limeneli, maganizo anga amathamangira ku kanthu kakang'ono kokhala m'thumba la malaya anga, fulashi yobutira.

Nkhani yonse yagona pa momwe kompyuta imadzukira. Mukadina batani loyatsira, Windows sakhala alipo. Amakhala ali chigonere pa disiki, mafayilo chabe, osatha kuchita kalikonse. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kakang'ono komwe kanalembedwa kufakitale m'kachipangizo kokhala pa motherboard. Pa makompyuta akale timakatcha BIOS, pa atsopano UEFI. Iko kamayamba kaona ngati memore ndi zipangizo zina zilipo, kenako kamafunafuna woti kamusiyire udindo. Pa njira yakale ija kamawerenga kachigawo koyambirira ka disiki, kokhala ndi mabaiti 512 okha, ndipo kakapeza kuti mabaiti awiri omalizira ndi 55 ndi AA, kamadziwa kuti pano pali woti n'kumupatsa mpando. Mabaiti 512 ndi ochepa zedi, ngakhale ndime ino singakwanemo. Ntchito yawo ndi kungoitana pulogalamu yokulirapo, iyonso n'kuitana ina, mpaka Windows kapena Linux atadzuka yense. UEFI amatha kuwerenga chigawo cha disiki cha mtundu wa FAT32 n'kupezamo yekha fayilo yoyambira, koma dongosolo ndi lomwelo: chilichonse chimadzutsidwa ndi chinzake chimene chinayamba kudzuka.

Unyolo umenewu ukaduka ndi pomwe anthu amafika pakhomo panga. "Achimwene, laputopu yanga yafa." Nthawi zambiri imakhala sinafe. Fani ikulira, kagetsi kakuyaka, koma pa sikirini pali timadontho tikungozungulira, kapena uthenga wakuti kompyuta ikudzikonza yokha, dikirani. Ndipo n'zoona, Windows ali ndi kachipinda kodzikonzera. Akalephera kudzuka kangapo motsatizana amathawira m'kachigawo kapadera ka disiki komwe muli zida zochepa zokonzera. Vuto likakhala laling'ono zidazo zimathandiza ndithu, ndipo sindizinyoza. Koma kachipindako kali pa disiki yomweyo. Disiki ikayamba kuwonongeka, kapena mndandanda wa zigawo zake ukasokonezeka, chokonzera chimagwa limodzi ndi chokonzedwa. Ndiye mumaona kompyuta ikuyaka, kulonjeza kuti ikudzikonza, kuzima, kuyakanso, kulonjezanso, mpaka batire litatha.

Ndikaona zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa anthu otere ndimawadziwa. Ndaonapo abambo akulumbira pamaso pa akazi awo kuti kachasu asiya, misozi ili chuchuchu, ndipo sabata isanathe abwerera komwe kuja. Amene amati abambowo ankanama sanawayang'ane m'maso. Ankanena zoona monga momwe ankaziona. Koma mtima umene unkalonjezawo ndi womwewo unali wodwala, ndipo m'kati mwawo munalibe malo ena oimapo kuti audzudzule.

Fulashi yobutira imapereka malo ena oimapo amenewo. Kuipanga si kovuta, ngakhale kuli ndi misampha yake. Mumayamba mwapeza fayilo ya ISO, yomwe ndi chithunzithunzi chathunthu cha disiki yoikira Windows, Linux kapena zida zokonzera. Ya Windows 11 imapyola magigabaiti 5, choncho kwathu kuno timadikira bandulo ya usiku, n'kumapemphera kuti magetsi asathime pakati pa ntchito. Kungokopera fayiloyo pa fulashi wamba sikuthandiza, pakuti BIOS sadziwa kuitsegula. Pamafunika pulogalamu yoiyala bwino. Ambirife timagwiritsa ntchito Rufus, yomwe Pete Batard anaitulutsa mu 2011 ndipo mpaka lero ndi yaulere. Rufus imafunsa ngati mukufuna MBR ya makompyuta akale kapena GPT ya atsopano, ndipo mukasankha molakwika fulashi siidzaoneka n'komwe pa mndandanda wobutira. Palinso chinthu china chokhumudwitsa ophunzira ntchito: FAT32, yomwe UEFI amaiwerenga mosavuta, siilola fayilo yopyola magigabaiti 4, pomwe fayilo yaikulu ya mkati mwa Windows kawirikawiri imapyola pamenepo. Rufus imazemba vutoli poyala fulashi mwa NTFS n'kuwonjezera kachigawo kakang'ono kothandiza UEFI kuiwerenga. Kuyambira 2020 kunabweranso Ventoy, imene mumangoiika kamodzi, kenako n'kumaponyamo mafayilo a ISO ambirimbiri, ndipo poyatsa imakupatsani mndandanda wosankhapo. Pa fulashi yanga pali Windows, Linux Mint, SystemRescue, Clonezilla yokopera disiki yonse, GParted yokonzera zigawo, ndi Memtest86+ yoyeza memore.

Mukabaya fulashi imeneyi pa kompyuta yodwala n'kubutira pamenepo, Windows wa mkati uja sadzuka. Amakhala chigonere, ndipo vairasi wobisala uja amagonanso naye limodzi, alibe pakamwa poti n'kunamira. Tsopano disiki yonse imaoneka monga ilili. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sikuti mlendoyo ndi wanzeru kuposa eni mudzi. Linux wa pa fulashi yanga sindinganene kuti amaposa Windows wa kasitomala. Mphamvu yake ndi imodzi yokha: sanadzukire m'matenda amenewo.

Koma pali mfundo imene anthu sachedwa kuiiwala. Fulashiyo singapangidwe pa kompyuta yakufayo. Pamafunika ina yamoyo. Wophunzira wa kukoleji amene laputopu yake yakana kubuta usiku woti mawa apereke ntchito yake, ngakhale atadziwa zonse ndalemba pamwambazi, ayenera kugogoda pa chitseko cha mnzake. Nzeru ali nazo, koma poyambira alibe.

Dziko lonse linaphunzira zimenezi pa 19 July 2024. Kampani ya CrowdStrike, yomwe ntchito yake ndi kuteteza makompyuta, inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki m'maiko ambiri zinasokonezeka. Mankhwala ake anali ochepa kwambiri, kufufuta kafayilo kamodzi. Koma makompyuta ambiri ankagwa asanafike poti n'kulandira chikonzero kudzera pa intaneti. Panafunika anthu oyenda ndi miyendo, kompyuta ndi kompyuta, ndipo Microsoft inatulutsa chida chopangira fulashi yobutira kuti ntchitoyo ifulumire. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti chogwetsacho chinali chotetezera chomwe. Mlonda wa mkati ndi amene anatseka chitseko, ndipo potsegula panafunika wochokera kunja.

Mkangano wakuti kodi munthu angadziwongole yekha ndi wakale kuposa makompyuta, ndipo mbali yake yaikulu inachitikira mu Africa muno. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 400 kunali mphunzitsi wina wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, amene ankakhala ku Rome. Anali munthu wodziletsa, ndipo ankanyansidwa kuona Akhristu akuchita zonyansa n'kumazembera ku mawu akuti thupi ndi lofooka. Iye ankati Mulungu wolungama sangalamule chinthu chimene munthu sangathe. Ngati watilamula, ndiye kuti anatipatsa kale mphamvu: ufulu wosankha, malamulo, ndi chitsanzo cha Khristu. Gwiritsani ntchito zimene muli nazo. Ndimamulemekeza Pelagius, ndipo sindilola a m'kalasi kumutchula ngati munthu woipa. Aliyense amene anamvapo munthu akunena kuti "ndi Satana anandichititsa" pofuna kuthawa mlandu wake akudziwa chimene chinkamupsetsa mtima mphunzitsiyu.

Amene anamutsutsa ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba ku Algeria. Augustine anali atadziona yekha akufuna chabwino n'kumachita china kwa zaka zambiri, ndipo analemba za zimenezi mosabisa m'buku lake la Confessions. Yankho lake linali lakuti ufulu wosankha ulipodi, koma nawonso unavulala. Sikuti munthu ali ndi chida chabwino chimene akuchita ulesi kuchigwiritsa ntchito. Chidacho chili pa disiki yomweyo. Malamulo amamuuza munthu kumene ayenera kupita, koma samupatsa miyendo. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unagwirizana ndi Augustine. Ine ndili kumbali yake, osati chifukwa msonkhano unagamula, koma chifukwa cha zimene ndimaona. Kudzikonza kumagwira ntchito pa zolakwa zazing'ono, zimene munthu amaziona yekha. Zazikuluzikulu ndi zomwe zimafufuta dzina lake pa mndandanda. Wonyada amadzifufuza n'kupeza kuti ndi wodzichepetsa. Wodyera amasiye chuma amadzifunsa n'kupeza kuti akungoteteza katundu wa banja. Mfumu Davide anatenga mkazi wa mwini n'kuphetsa mwamuna wake, ndipo Malemba satiuza kuti anadzitsutsa, kufikira mneneri Natani atabwera ndi nkhani ya munthu wina. Davide anaweruza nkhaniyo molungama nthawi yomweyo, chifukwa ankaiona ataima panja. Nzeru yoweruzira anali nayo nthawi yonseyi, koma pa mlandu wake womwe inkadutsa kaye mwa wofufuta uja.

Mtsikana wina wa m'kalasi, wanzeru zakuthwa, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati zonse zichokera kunja, ndiye ife mbali yathu ndi iti?" Funsoli ndi loyenera, ndipo pa tebulo langa lili ndi yankho lina. Fulashi siingathandize kompyuta imene BIOS yake yafa. Payenera kukhala kanthu kena mkati kamene kakadali ndi moyo, kotha kuona kuti pa khomo pabwera wina n'kumusiyira mpando. Kanthu kameneko sikakonza chilichonse, kamangolola. Ndipo nako sikanadzilembe kokha, kanaikidwa ndi amene anapanga makinawo. Ndinamuuza kuti ndi mmene ndimaonera chikumbumtima: n'chaching'ono, sichingakonze moyo wonse, koma chimatha kuzindikira mawu ochokera kunja n'kuwapatsa malo. Iye sanakhutire. Anati, "Nanga amene amadina batani losankhira fulashiyo ndani?" Pa Dell timadina F12, pa HP F9, ndipo wodina amakhala wokonza, osati kompyuta. Pamenepa mtsikanayo anafika, osadziwa, pa mkangano umene unagawa otsatira a Calvin ndi a Arminius mpaka kuchititsa msonkhano wa ku Dort mu 1618 ndi 1619: kodi ngakhale kuvomera komweko ndi mphatso? Ndinamuyankha kuti ine ndimakhulupirira kuti inde, koma kuti munthu si makina, ndipo mphatsoyo ikafika kuvomerako kumakhaladi kwake, osati kokakamizidwa.

Tsopano vuto lenileni, limene limandisowetsa tulo kuposa la Pelagius. Ngati thandizo lichokera kunja, tidziwa bwanji kuti wochokera kunjayo ndi wabwino? Fulashi ndi khomo lolowera chilichonse. Vairasi wa Stuxnet, amene anadziwika mu 2010 atawononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, anapangidwa kuti azifalikira pa mafulashi, kuti afike ngakhale m'makompyuta osalumikizidwa ku intaneti. Mu February 2016 achiwembu analowa pa tsamba la Linux Mint, ndipo kwa kanthawi anthu ofuna Linux wabwinobwino ankatumizidwa ku fayilo ya ISO yoikidwamo khomo lachinsinsi. Anthuwo ankaganiza kuti akutenga mankhwala. M'misika mwathu muno mumapezekanso mafulashi olembedwa magigabaiti ambiri pomwe mkati ndi ochepa. Amalandira mafayilo onse mosakana, koma tsiku lowafuna mumapeza zinyalala. Chinthu chikachokera kunja sindiye kuti n'choyera. Ndipo kompyuta yobutira pa fulashi imakhala yadzipereka yonse, pafupifupi ilibe chodzitetezera.

M'zauzimu zili chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake chiphunzitso cha chisomo chimaopsa chikagwera m'manja olakwika. Uzani munthu kuti sangadzithandize yekha, ndiye kuti mwamukonzera njira aliyense wobwera ndi botolo la mafuta n'kumati ine ndiye wochokera kunjayo. Anthu osweka mtima ndi amene amadyeredwa kwambiri, chifukwa atsegula kale chitseko.

Amisiri ali ndi njira yoyesera. Opanga Linux ndi zida zokonzera amasindikiza nambala yaitali ya zilembo 64, yowerengedwa kuchokera ku fayilo yonse mwa njira yotchedwa SHA-256. Mukakopera fayiloyo mumawerengetsa nambala yanu n'kufananiza. Pakasintha kadontho kamodzi mkati mwa fayilo, nambala yonse imasintha. Chosangalatsa n'chakuti njirayi siifunsa kuti fayilo yadutsa m'manja mwa yani. Mukhoza kuilandira kwa mnyamata wa pa kefe amene simumukhulupirira n'komwe, koma nambala ikagwirizana ndi ya mwini wake, fayiloyo ndi yeniyeni. Izi zimandikumbutsa mkangano wina wa Augustine, wolimbana ndi otsatira a Donatus. Pa chizunzo cha mfumu Diocletian chimene chinayamba mu 303, atsogoleri ena a mpingo anapereka mabuku opatulika kwa ozunza pofuna kupulumutsa moyo wawo. Chizunzo chitatha, otsatira a Donatus anati ubatizo woperekedwa ndi anthu otere, kapena ndi odzozedwa ndi iwo, ndi wachabe. Augustine anati ayi, ubatizo ndi wa Khristu, wonyamula sawonjezerapo kapena kuchotsapo. Choyenera kufunsa ndi chakuti chimene wabweretsacho chikugwirizana ndi gwero lake kapena ayi. Ndi zimenenso ndimawauza a m'kalasi akamatengeka ndi mlaliki watsopano: musayese suti yake kapena kukula kwa mawu ake, fananizani zonena zake ndi gwero.

Komabe sindingawanamize kuti pamenepa nkhani yatha. Nambala yofananizira ija mumaitenga kuti? Ngati ili pa tsamba lomwelo limene achiwembu alowapo, akhoza kuisinthanso. Ndiye pamabwera siginecha yachinsinsi yotsimikizira nambalayo, ndipo kiyi wotsimikizira siginechayo nayenso muyenera kumutenga kwa wina. Kompyuta yomwe mukuwerengetsera nambalayo, ndani anaiyeza? Ken Thompson, mmodzi wa amene anapanga Unix, anafotokoza m'nkhani yake yosindikizidwa mu 1984 kuti chinyengo chikhoza kubisika m'pulogalamu imene imapanga mapulogalamu ena, moti ngakhale mutawerenga mzere uliwonse wa zolembedwa simungachipeze. Mfundo yake inali yakuti pamapeto pake simukhulupirira makina, mumakhulupirira anthu amene anawapanga. Secure Boot, imene inafala ndi Windows 8 mu 2012, imakana kubutira pa chilichonse chopanda siginecha yodziwika, koma mndandanda wa odziwikawo analemba ndi anthu, ndipo inu simunawaonepo. Katswiri wosakhulupirira Mulungu amene amandiseka kuti ndimadalira zosaoneka, nayenso m'mawa uliwonse amayatsa makina amene sanayeze maziko ake. Sindikunena kuti zikhulupiriro zonse ndi zofanana. Kuyeza n'kofunika, ndipo kumachepetsa malo amene chinyengo chingabisale. Koma sindinapeze munthu amene anayeza mpaka pansi penipeni. Aliyense amafika pena n'kuima pa mawu a wina.

Pali mbali inanso imene imakhudza ine mwini monga wonyamula fulashi. Ndikabutira kunja, pasiwedi ya Windows siinditchinga. Pokhapokha disiki itakhala yotsekedwa ndi BitLocker kapena chotsekera china chotere, ndimatha kuona zonse: zithunzi za banja, makalata, ngongole, zinsinsi zimene mwini wake sanauzepo ngakhale mkazi wake. Munthu amandisiyira moyo wake wonse pa tebulo n'kupita kukagula chimanga chootcha. Ndinadziikira lamulo losatsegula fayilo imene ntchito siinandipemphe kutsegula, ndipo anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito ndimayamba ndi lamulo limeneli asanagwire sikuludiraiva. Abusa, alangizi, ankhoswe ndi aliyense amene anthu amamutsegulira mtima ali pa mpando womwewu.

Ndipo chiyeso chachikulu cha wokonza ndi kufomata. Ndi njira yachidule. Mufufute zonse, muike Windows watsopano, pasanathe ola limodzi kompyuta ikuthamanga, kasitomala akumwetulira, ndalama m'thumba. Makasitomala ena amapempha okha, "Ingoifomatani, ndatopa nayo." Amakumbukira mawa lake kuti munali zithunzi za malemu mayi awo. Njira yaitali ndi kubutira pa Linux, kulumikiza disiki ina, kupulumutsa mafayilo onse otheka, kuyeza memore ndi disiki kuti mudziwe gwero la vuto, kenako n'kukonza chowonongeka chokhacho. Disiki ikakhala yodwala kwambiri, kukopera kokhako kumatenga usiku wonse, chida chikubwerera mobwerezabwereza pa malo ovuta kuwerenga. Palibe amene amalipira mokwanira ntchito imeneyi.

Ndimamva maulaliki ena ofotokoza kutembenuka mtima ngati kufomata: iwala zonse, makolo ako, chilankhulo cha kwanu, nyimbo za kwanu, anzako akale, zonsezo ndi za mdima. Sindigwirizana nawo. Paulo atatembenuka sanataye maphunziro ake a Chiyuda kapena liuma lake, zonsezo zinalowa m'ntchito yatsopano. Augustine anali mphunzitsi wa luso la kulankhula, ndipo luso lomwelo ndi limene anatumikira nalo mpingo mpaka imfa yake mu 430. Ngati Mulungu ndi amene analenga munthuyo poyamba, sangabwere kudzamukonza ngati wokonza waulesi amene saona chamtengo m'disiki. Zilipo nthawi zimene kufufuta sikungapeweke, ndipo zilipo zizolowezi ndi maubwenzi amene munthu ayenera kuwadula ndithu. Koma wochokera kunja amene amayamba ndi kufufuta asanafunse kuti muno muli chiyani, ine ndimamukayikira.

Ntchito ikatha ndimazula fulashi n'kuyatsanso kompyuta kuti ndione ngati ikudzuka pa disiki yake. Ikamafuna fulashi yanga nthawi iliyonse yoyaka, ndiye kuti sindinakonze, ndangoimangirira kwa ine. Muyeso umenewu ndimayezera wothandiza aliyense waumunthu, kaya ndi mbusa, mlangizi kapena bungwe lobwera ndi thandizo m'mudzi: kodi akukonzekera tsiku lochoka, kapena akukonza zoti asadzachotsedwe? Mneneri amene nkhosa zake sizingagule malo kapena kukwatira osayamba zamufunsa wasiya fulashi yake ili chibayire.

Pa Mulungu pokha muyesowu sugwira, ndipo apa fanizo langa limathera. Augustine sankaphunzitsa kuti chisomo chimabwera kamodzi, kukonza, n'kuchoka kuti munthu apitirize yekha. Ankati chimafunika pa chochita chabwino chilichonse, tsiku ndi tsiku, ndipo msonkhano wa ku Carthage uja unatsindika zomwezo. Poyamba izi zinkandivuta, chifukwa pa ntchito yanga kudalira kosatha ndi chizindikiro cha kulephera. Koma kusiyana kwake ndi kwakuti ine ndine mlendo kwa kompyuta ya kasitomala, pomwe Mulungu si mlendo kwa munthu. Amaoneka ngati wochokera kunja chifukwa sali m'gulu la zowonongekazo, koma ndi yemwe analemba kanthu kakang'ono kaja koyamba kudzuka, ndipo ndi yemwe amakasunga kamoyo. Mtsikana uja nditamufotokozera zimenezi anati ndiye kuti fanizo la fulashi likukhudza abusa ndi aphunzitsi, osati Mulungu. Ndinavomera kuti mbali yaikulu wanena zoona, ndipo sabata yotsatira tinayamba phunziro la pemphero.